Bokosi lomata, kaunjika kapena tianthu: kodi ndalama ya LEGO ili pati kuno ku Joni?

Chaka chimene abwana anga ankasamukira ku Perth, madamu anandiitanira ku galaja n'kundilozera majumbo atatu akuda, aja timatayiramo zinyalala. Anati ana akula, zidolezi sizikwera nawo kontena, ndizitenge ndikapatse ana kumudzi. Ndinalandira ndi manja awiri monga mwa mwambo, koma kunena zoona maso anga anali pa filiji, ndipo filijiyo inapita kwa mayi wogwira ntchito m'nyumba. Majumbo aja anakhala kunsi kwa bedi langa ku Cosmo City miyezi inayi. Tsiku lina mnyamata wa eni nyumba anabwera kudzabwereka chaja, anaona jumbo limodzi litang'ambika, n'kutolamo kamunthu kapulasitiki kovala chisoti chobiriwira. Anakatembenuza kawiri, nandifunsa ngati ndikudziwa kuti kameneka kokha kangandilipirire tekisi sabata ziwiri. Ndinkayesa akundiseleula, mpaka anatsegula foni n'kundionetsa mtengo.

Papita zaka zingapo tsopano ndikugula ndi kugulitsa LEGO, zidole zija za tinjerwa tapulasitiki tolumikizana, pambali pa ntchito yanga ya m'gadeni. Anzanga a pachipereganyu ena amandiseka kuti bambo wandevu akuseweretsa za ana, koma ena amanditengera pambali n'kufunsa monong'ona kuti, "Achimwene, nditaikamo R3,000, ibwera zingati?" Funsoli lilibe yankho limodzi, chifukwa geniyi ili ndi njira zingapo ndipo iliyonse imafuna munthu wake. Ina imafuna mpamba ndi malo, ina imafuna maso ndi msana. Ndazilawa pafupifupi zonse, zina zinandiwotcha, ndiye ndiziyala apa mmene ndikuzionera.

Chimene chimapatsa tinjerwati mtengo

Kampani ya LEGO ndi ya ku Denmark, m'tauni ya Billund. Inayambitsidwa mu 1932 ndi kalipentala wina, Ole Kirk Christiansen, yemwe poyamba ankapanga zidole zamatabwa. Kanjerwa kamene tikukadziwa lero, kokhala ndi timitu pamwamba ndi timapaipi kunsi, kanalembetsedwa mu 1958, ndipo muyeso wake sunasinthe mpaka pano. Kanjerwa ka m'ma 1970 kamagwirana bwinobwino ndi kamene mwagula dzulo ku Sandton. Foni ikatha zaka khumi ndi chinyalala, nsapato imatha chidendene, koma pulasitiki iyi, yomwe amaitcha ABS, ukaitsuka imabwerera mwakale. Ife tinakula ndi galimoto zamawaya ndi ng'ombe zadothi zomwe mvula imodzi inkazisungunula, choncho zoti chidole n'kufika kwa zidzukulu zinanditengera nthawi kuti ndizimvetse.

Chinanso n'chakuti seti iliyonse, kaya ndi nyumba, sitima kapena ndege, ili ndi nambala yake pabokosi, ndipo sikhalitsa m'sitolo. Maseti ambiri amatha chaka chimodzi, ziwiri kapena zitatu, kenako kampani imasiya kuwapanga. Amene anachedwa kugula amayamba kusakasaka kwa anthu wamba. Musaganize kuti osakasakawo ndi ana. Makasitomala anga ambiri ndi azibambo akuluakulu a ku Fourways, Centurion ndi Edenvale, amene akufuna seti imene makolo awo anakana kuwagulira ali aang'ono, kapena imodzi imene ikusowa pashelefu kuti mzere ukwane.

Mu 2021 manyuzipepala anafalitsa nkhani yoti LEGO imapindulitsa kuposa golide. Gwero lake linali kafukufuku wa Victoria Dobrynskaya ndi Julia Kishilova a ku Higher School of Economics ku Moscow. Iwo anaunika maseti 2,322 otuluka pakati pa 1987 ndi 2015 n'kupeza kuti, kuwaphatikiza onse, mtengo unkakwera ndi 11 peresenti pachaka. Anthu amangonyamula 11 yomweyo. Amaiwala kuti m'kafukufuku yemweyo munali maseti amene anatsika mtengo, ndiponso kuti ang'onoang'ono ndi akuluakulu zedi ndi amene ankakwera bwino kuposa apakatikati, omwe ndi amene ambirife timathamangira chifukwa ndiwo thumba limafikira.

Kugula bokosi latsopano n'kulisunga osatsegula

Iyi ndi njira yotchuka pa YouTube. Umagula seti imene ili pafupi kusiya kupangidwa, umaiika pamwamba pa wadirobu, umadikira zaka zitatu kapena zisanu, n'kugulitsa. Zitsanzo zake n'zokopa ndithu. Seti ya nyumba yotchedwa Café Corner, nambala 10182, inatuluka mu 2007 pamtengo wa madola 140, ndipo lero bokosi lake losatsegula limadutsa madola 1,000 kutali. Millennium Falcon yaikulu, chombo cha m'mafilimu a Star Wars, nambala 10179, ya chaka chomwecho, inali madola 500, koma patapita zaka anthu ankailipira madola masauzande angapo. Kwa ife a kuno pali kenanso kokometsa. Mitengo ya kunja imawerengedwa m'madola, ndipo dola imodzi yomwe inali cha m'ma R7 mu 2007 inadutsa R19 mu 2023. Katundu amene mtengo wake umatsata dola amakutchinjirizako ndalama ikamafooka. Amalawi sitifunika kuphunzitsidwa zimenezi, tinaziona mu Novembala 2023 pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi.

Koma kampaniyo si mlamu wanu. Ikaona kuti seti yakale ikufunidwa kwambiri imatha kuitulutsanso. Taj Mahal ya 2008, ya zidutswa 5,922, inakwera mtengo mpaka anthu ankaisunga ngati munda, ndiye mu 2017 LEGO inatulutsa ina, nambala 10256, yofanana nayo pafupifupi chilichonse. Chaka chomwecho inatulutsa Millennium Falcon yatsopano, 75192, ya zidutswa 7,541, yokongola kuposa yakale. Amene anagula akale pamtengo wokwera, poyembekeza kuti ukwerabe, anagwira njakata.

Kenako pali malo. Wogula bokosi lomata amagula bokosilo. Kona ikangophwanyika amatsitsa mtengo, likanyowa ndiye mwatsala ndi seti wamba. Mzungu wa ku Bryanston ali ndi chipinda chouma chosungiramo zimenezi. Ine ndi inu tili ndi kachipinda ka kuseri komwe bedi, sitovu ndi njinga zimagona limodzi. Ndinasungapo mabokosi anayi pamwamba pa wadirobu. Mvula yamatalala ya mu Novembala inatsegula msomali wa lata, madzi anatsika ndi khoma ine ndili kuntchito, ndipo pobwera ndinapeza awiri atafufuma ngati buledi woviika mu tiyi. Zam'kati zinali bwino chifukwa zili m'timapepala tapulasitiki, koma phindu lonse la zaka ziwiri linapita ndi katoniyo. Onjezanipo mbewa, mphemvu zomwe zimakonda guluu wa katoni, fungo la palafini m'miyezi ya Juni ndi Julaye, ndi kusamuka kosatha kwa ife a lendi. Ndipo bokosi lachikuda looneka pawindo limaitana alendo osawafuna.

Vuto lalikulu koposa kwa Mmalawi ndi foni yausiku yochokera kumudzi: maliro, matenda, fizi, feteleza. Ndalama ya mu akaunti umaitumiza pa Mukuru tsiku lomwelo. Bokosi la R6,000 lingathe mwezi wathunthu osapeza wogula, ndipo ogula akanunkhiza kuti wathina amakupatsa theka. Ndalama imene ili ndi ntchito kale kumudzi isalowe m'bokosi lomata, ngakhale pang'ono.

Ngati mwalimbabe mtima, dziwani kuti phindu la njirayi limapangidwa tsiku logula. Tiyerekeze seti ya R2,000. Mwagula pamtengo wonsewo, patatha zaka zitatu mwagulitsa R2,800, mwachotsapo yotumizira ndi tekisi. Zotsalazo, pa zaka zitatu, n'zosasiyana kwenikweni ndi zimene banki ikanakupatsani mutangotsekera ndalamayo, popanda mantha a mvula. Koma seti yomweyo mutaigula R1,400 pa sipesho, n'kugulitsa R2,800 yomweyo, ndalama yanu yabereka inzake. N'chifukwa chake ine sindigula latsopano pokhapokha atadula 30 peresenti kapena kuposa. Nthawi yake ndi Black Friday kumapeto kwa Novembala ndi Januwale pamene masitolo akuchotsa zotsala za Khirisimasi. Yang'anani Takealot, Toys R Us ndi Makro. Sitolo ya LEGO ya ku Sandton City, yomwe inatsegulidwa mu 2018 ngati yoyamba ya mtundu wake mu Africa muno, ndi yabwino kukaonera maseti akuluakulu amene kwina sapezeka. Pa mitundu, amene amasunga mtengo kawirikawiri ndi a Star Wars, nyumba zolumikizana zija za mtundu wa Café Corner, a Ideas ndi ena a Harry Potter. Timagalimoto ta Speed Champions timandisangalatsa chifukwa bokosi lake ndi laling'ono, khumi amakwana m'sutikesi imodzi yotseka bwino. Maseti a City a polisi ndi ozimitsa moto asiyeni, chifukwa pakapita zaka zochepa kumatuluka ena ofanana nawo.

Mukamagula bokosi "lomata" kwa munthu, kumbukirani chikomekome cha mkuyu. Alipo amene amatsegula, n'kuchotsa tianthu todula, n'kumatanso. Onani tepi ngati ili yomatidwa kawiri kapena katoni ngati yasupuka pambali pake, ndipo yezani bokosilo pasikelo n'kuyerekeza ndi kulemera kolembedwa pa BrickLink, msika wa pa intaneti wogulitsirapo LEGO.

Maseti ogwiritsidwapo kale koma athunthu

Njira yapakati ndi iyi: kugula seti yomangidwa kale, imene mwini wake watopa nayo. Simuopa za katoni chifukwa kawirikawiri palibe, mpamba wake ndi wochepa, ndipo ogula ndi ambiri kuposa a mabokosi omata chifukwa ambiri amangofuna kumanga. Msampha wake uli pa mawu akuti "yathunthu". Wogulitsa aliyense amatero. Nditangoyamba ndinagula nyumba yachifumu kwa bambo wina ku Roodepoort, yooneka bwino pachithunzi. Nditafika kunyumba ndinapeza kuti mahatchi awiri ndi mbendera palibe, ndipo ndi zomwezo zimene zimadula. Tsopano ndimapita nditatsegula kale mndandanda wa zidutswa pafoni, ndipo ndimayamba kuwerenga tianthu, nyama, matanga, mawindo ndi zidutswa zosindikizidwa chithunzi. Tinjerwa wamba tikasowa ndimapeza m'mabigiri anga. Kabuku ka malangizo kakakhalapo mtengo umakwerako, koma kakasowa si imfa, chifukwa malangizo a maseti ambiri ali ulere pa webusaiti ya LEGO.

Seti imene yakhala pawindo muisamale. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 ndipo dzuwa la kuno ndi lankhanza. Tinjerwa toyera ndi totuwa timasanduka tachikasu mbali imodzi, masitika amauma n'kumafundudka. Ena amaviika m'mankhwala otchedwa hydrogen peroxide padzuwa kuti tiyere, zimathekadi, koma chikasucho chimabwerera pakapita nthawi ndipo kasitomala adzakukumbukirani. Zidutswa zofiirira zakale nazo zimathetheka ngati bisiketi pozimasula. Pa maseti akuluakulu omangidwa kale ganiziraninso zonyamula. Titanic ya 2021, ya zidutswa 9,090, ndi yotalika masentimita 135. Kukwera nayo tekisi pa Bree ndi nkhani ina.

Kaunjika: kugula pakilo

Apa ndiye pamene ine ndimapezera ndiwo, ndipo ndikuona kuti ndi njira imene imatiyenera ambirife. Mabanja a m'masabebu ana akakula, kapena akamasamukira ku Australia, UK ndi New Zealand, amathira LEGO yense m'bigiri limodzi n'kugulitsa pakilo kapena "tengani zonse". Iwo akufuna malo, alibe nthawi yosankhula. Ndi chimodzimodzi belo la kaunjika ku Limbe kapena ku Tsoka: wina amaona mulu wa nsanza, wodziwa amaona jekete lachikopa lili pansi.

Ife tili ndi mwayi umene ogulitsa ena alibe. Timagwira ntchito m'nyumba zomwezo. Mlongo wogwira m'nyumba amadziwa miyezi itatu pasadakhale kuti banja likusamuka, wa m'gadeni amaona zimene zaunjikidwa m'galaja. Kungofunsa mwaulemu kuti, "Madamu, zidole za anazi mukazifuna kugulitsa mundiuze kaye ine," kwandipezetsa mabigiri ambiri kuposa intaneti. Apa ndinene mosabisa: kufunsa, osati kutola. Kamunthu kamodzi kolowa m'thumba popanda chilolezo kangakuchotsetseni ntchito n'kuipitsa dzina la Amalawi msewu wonsewo, dzina lomwe ndi limene limatilembetsa ntchito kuno.

Bigiri likafika, ntchito imayenda motere. Ndimakhuthulira pachitenje pansi n'kuyamba kuchotsa zosafunika: mabatire otha, makrayoni, ndalama zachitsulo, mitu ya zidole zina, nthawi ina ndinapezamo dzino la mwana. Kenako ndimachotsa tinjerwa tosakhala ta LEGO. Kanjerwa kenikeni kali ndi dzina lakuti LEGO pa kamutu kalikonse, ndipo ukazolowera umakazindikira ndi kulira kwake pokagwetsa pasimenti. Potsuka ndimagwiritsa ntchito beseni, madzi ofunda osapitirira madigiri 40, ndi sopo wa mbale pang'ono. Madzi otentha amapinditsa tinjerwa. Za masitika ndi za mawaya sizilowa m'madzi. Poyanika ndimayala pathaulo pamthunzi, ndipo m'nyengo yozizira mpweya wouma wa kuno umaumitsa tsiku limodzi.

Posankhula, cholakwa cha aliyense woyamba ndi kusankhula potsata mtundu, zofiira pazokha, zabuluu pazokha. Mudzalira pofuna kachidutswa kakang'ono kofiira m'chigoba chodzaza zofiira zokhazokha. Sankhulani potsata kapangidwe: tinjerwa, timapuleti, matayala, mawindo, tamapendekeka. Diso limapeza mtundu mosavuta pakati pa zinthu zofanana maonekedwe. Zigoba za ayisikilimu za malita awiri ndiye mashelefu anga. Samalaninso ndi zotuwa, chifukwa cha m'ma 2004 kampani inasintha utoto wotuwa, wakale ukupita kuchikasu pang'ono, watsopano ukupita kubuluu. Usiku pa babu zimaoneka zofanana, koma kasitomala wodziwa akaona zosakaniza amabweza seti yonse.

Gawo lokoma ndi lofufuza. Mumulu muja mumapezeka chidutswa chachilendo, mwina chiwongolero cha sitima yapamadzi kapena khoma losindikizidwa chizindikiro. Kunsi kwa zidutswa zambiri kuli nambala yaing'ono kwambiri, ine ndimaijambula ndi foni n'kuikulitsa. Nambalayo mukailemba pa BrickLink imakuuzani maseti onse amene chidutswacho chinatulukamo. Mukapeza zidutswa zitatu zinayi zoloza seti imodzi, mwadziwa kuti setiyo ili mumulumo, yangomwazika. M'majumbo atatu a madamu aja munatuluka maseti asanu ndi awiri pafupifupi athunthu. Chimene chikanagulidwa ngati makilo wamba chinagulitsidwa seti payokhapayokha, ndipo ndalama yake inagula malata 24 a nyumba ya amayi ku Ntcheu.

Koma tisanamizane, ndalama imeneyi ndi malipiro a thukuta. Bigiri la makilo khumi limandidyera Loweruka ndi Lamulungu masana kwa mwezi wathunthu, msana umawawa, maso amachita chidima. Nthawi ina ndinawerengera maola n'kupeza kuti bigiri lina linandilipira mochepera ganyu ya tsiku ya m'gadeni, chifukwa theka lake linali tinjerwa ta kampani ina, Mega Bloks, ndi ta ku China, ndipo tianthu tonse mwini wake anali atachotsamo. Kuyambira pamenepo sindigula pachithunzi chokha. Ndimapisa dzanja mpaka pansi katatu, malo osiyana, n'kuwerenga kuti mwa zidutswa makumi awiri zenizeni ndi zingati. Ndikaona miyendo ndi mitu ya tianthu ndimadziwa kuti bigirilo silinasankhulidwe. Ndikaona mabuku a malangizo pansi ndimabisa chimwemwe n'kuyamba kunenerera mtengo.

Tianthu

Tianthu timeneti tinayamba kutuluka mu 1978, ndipo pa kulemera kwake ndi tomwe tili ndi ndalama zambiri mu geni yonseyi. Mazana awiri timakwana m'chitini cha mabisiketi, mvula sititha, ndipo kutumiza kwake n'kotchipa. Kwa munthu wa kachipinda kamodzi palibe katundu wosavuta kusunga kuposa ameneyu. Tina timadula mododometsa. Mr. Gold wa 2013 anapangidwa 5,000 okha padziko lonse. Boba Fett wa mu seti ya Cloud City ya 2003, wojambulidwa m'manja ndi m'miyendo, amadula kuposa maseti athunthu ambiri. Koma amenewa musawayembekezere. Ndalama ya tsiku ndi tsiku ili pa tianthu ta R80, R150, R300, togulitsa pang'onopang'ono.

Vuto lake ndi lakuti pamafunika kudziwa kwambiri, ndipo tabodza tadzaza. Kenikeni kawirikawiri kamakhala ndi dzina la LEGO pakhosi pamene pamalowa mutu ndi pakati pa timitu ta miyendo, ndipo utoto wake ndi wosalala, wosatayikira. Onaninso ming'alu m'mbali mwa chifuwa, kunsi kwa mkono, poti kamng'alu kamodzi kamadula mtengo pakati. Kamunthu kopanda chisoti chake kapena chida chake n'kosakwanira, ndipo kusakaniza mutu wa uyu ndi thupi la uyo n'kumati ndi kenikeni ndi njira yachidule yothamangitsidwira m'magulu a ogula. Langizo langa ndi lakuti musayambe ndi kugula tianthu patokha. Tiyambe kukupezani m'kaunjika, muphunzire pa tomwe mwapeza.

Za ku China Mall

Pa Dragon City ndi China Mall mupeza mabokosi okongola pamtengo wochepa kwambiri. Si onse amene ali akuba. Chilolezo choteteza kapangidwe ka kanjerwa chinatha kalekale, ndipo makampani ngati Cobi ya ku Poland amapanga maseti awoawo mwalamulo. Amene ankakopera maseti a LEGO ndi mabokosi omwe, ngati Lepin, apolisi a ku Shanghai anawagwira mu 2019 ndipo akuluakulu ake anamangidwa. Ngati mukufuna chidole choti mwana asewere, gulani, palibe manyazi. Ngati mukufuna chosunga kuti mudzagulitse, musayerekeze. Ogula a maseti akale safuna n'kumva komwe, ndipo kanjerwa kamodzi kotere kakapezeka mu seti yanu amakayikira zonse.

Kogulitsa

Musanaike mtengo, pitani pa BrickLink. Msika umenewu unayamba mu 2000 ndipo kampani ya LEGO inaugula mu 2019. Uli ndi tsamba loonetsa mitengo imene chinthu chagulidwadi m'miyezi isanu ndi umodzi yapitayi. Muziyang'ana pamenepo, osati pamitengo imene anthu akuitanira, chifukwa kuitanira aliyense amatha. Mukatembenuza mtengowo kukhala marandi, tsitsaniko ndithu. Wogula wa ku Kempton Park amalandira malipiro ake m'marandi, ndipo kutumiza katundu ku Ulaya kuchokera kuno kumadya phindu lonse pokhapokha chili chinthu chaching'ono chodula.

Zambiri ndimagulitsa pa Facebook Marketplace ndi m'magulu a okonda LEGO a kuno. Bob Shop, yomwe kale inali bidorbuy, ndi yabwino pa chinthu chosowa chimene mukufuna anthu apikisane. Potumiza kutali, malokala a Pudo ndi PAXI ya m'masitolo a PEP ndi zotchipa. Masitolo ogula katundu wakale amapereka ndalama pompopompo koma yochepa, ndi a tsiku la maliro basi. Ndipo samalani ndi umboni wabodza wa malipiro. Munthu amakutumizirani uthenga wooneka ngati wa ku banki, n'kutumiza dalaivala kudzatenga katundu. Mnzanga wa ku Mangochi, wosoka zovala ku Mayfair, anabetsa seti ya R4,000 mwanjira imeneyi. Katundu asachoke m'manja ndalama isanaoneke mu akaunti yanu, mwatsegula nokha. Chiyambire PayShap mu 2023, njira yotumizira ndalama pakati pa mabanki pompopompo, wonena kuti "ilowa mawa" ndimamuuza kuti nayenso abwere mawa. Pokumana sankhani pa mall kapena pagalaja ya petulo masana, osati kunyumba kwanu.

Tsono wina asankhe iti? Amene ali ndi ntchito yokhazikika, chipinda chosadontha ndi ndalama imene sadzaifuna zaka zitatu angasunge mabokosi awiri atatu ogula pa sipesho, osapitirira apo. Amene ali ndi R500 ndi Lamulungu lopanda chochita ayambe ndi kaunjika kakang'ono, makilo awiri atatu, aone ngati mtima wake ukupirira kusankhula. Ambiri amalekera pa bigiri loyamba, ndipo ndi bwino kuzindikira zimenezo pa R500 kusiyana ndi pa R5,000. Amene akufuna ndalama yotsimikizika mwezi ndi mwezi akhale pachipereganyu, chifukwa geni iyi mwezi wina imagwa mvula, mwezi wina chilala.

Ambiri amandifunsanso zotumiza kumudzi kuti akagulitse kumeneko. Pa maseti odula, ayi. Ogula otere ku Lilongwe ndi ku Blantyre ndi owerengeka, bokosi likadutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza pansi pa katundu wa basi limafika litaphwanyika makona, ndipo pachipata pali msonkho. Chimene ndaona chikuyenda ndi Duplo, tinjerwa tikulutikulu ta ana aang'ono. Kuno ogula pakilo amainyoza chifukwa imalemera n'kudzaza malo, ndiye ndimaipeza motchipa, nthawi zina ulere. Sithyoka panjira, mwana sangaimeze, ndipo sukulu za mkaka zimaifuna. Ndimaiunjika m'chikwama cha shangani, chikadzaza ndimakachikweza basi ku Park Station. Mlongo wanga amachilandira pa Wenela, amagawa m'timabigiri n'kuyenda nato m'sukulu za mkaka za ku Chilomoni ndi Chirimba. Chikwama chathachi anagulitsa chonse m'sabata ziwiri, kupatula kasitima kamodzi ka mabogi atatu komwe mwana wake anakabisa kunsi kwa mphasa n'kukana kuti sanakaone.